Beseni la Kwathu ndi Chikho cha Achemwali

Mimba ya amuna anga inkadziwika mudzi wonse. Akatha kudya ankakhala pakhonde atagwira pansi pa chifuwa, nkhope atakwinya, kenako n'kugeya mokweza moti nkhuku zinkabalalika. Anthu odutsa panjira sankafunsanso. Ankangouzana kuti, "Akamwini adya kale," n'kumapita.

Tinkakhala pamudzi pa amayi anga, kumtunda kwa Malindi, panjira yokwera ku Chowe. Amuna angawo kwawo kunali ku Chembe, ndipo kwathu anabwera kudzakhala chikamwini. Ntchito yawo inali geni ya usipa. M'mamawa ankatsika kunyanja ndi njinga, kudzaza dengu, n'kukwera nalo kumidzi ya kumapiri kumene anthu amaona nsomba ngati chinthu cha pa Khirisimasi. Anali munthu wolimbikira, zimenezo sindingawamane. Koma pa nkhani ya mimba yawo anali dokotala wa iwo eni. Lero ankati ndi tsabola. Mawa nyemba. Mkuja mphepo ya mwera. Tsiku lina anafika ponena kuti chimene chikuwawotcha m'mimba ndi pakamwa panga, ndipo ine ndinawauza kuti ngati ndi choncho ayamike Mulungu kuti akadali moyo.

Sikuti ena tonsefe tinali bwino. Amayi ankadandaula chilungulira pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ine ndinkamva kutentha pamtima ndikachedwa kudya. Tinkangoti ndi mmene mimba za akuluakulu zimakhalira.

Zinali zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inali pachimake, anthu akuwoloka malire ndi mitolo pamutu. Ena ankapita kumisasa ya othawa nkhondo, ena ankangolowa m'midzi mwathu momwemu. Tsiku lina ndikuchokera kudambo ndinapeza mayi wina atakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa njira, mapazi atatupa, ali yekhayekha. Anali wamkulu pang'ono kwa ine. Ndinamufunsa kumene akupita, iye n'kuyankha m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao kuti kulikonse, bola kusakhale kumsasa. Ndinamutenga. Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, agone m'khitchini yakale. Tinayamba kumuitana kuti achemwali, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala pakhadi lolandirira chakudya. Mvula inagwa kawiri, mame aja osakamuka.

Anali munthu wosavuta kukhala naye. Ankalima nafe, ankatunga nafe madzi, ndipo akalandira nandolo ndi mafuta ophikira a othawa nkhondo ankangozibweretsa pakhomo. Popeza mafuta anali awo, ndiwo ankaphika ndi iwo. Ndikuvomera, ngakhale zikundiwawa, kuti ankandiposa kuphika. Ndinazolowerana nawo kwambiri. Pachitsime tinkaseka mpaka azimayi ena kutinena kuti ndife mapasa. Chinthu chimodzi chokha chinkawachititsa mantha. Lole yopita kumsasa ikamveka pamsewu, ankasiya chilichonse chimene akuchita n'kulowa m'khitchini muja mpaka phokoso litatha.

Vuto linali beseni.

Kwathu tinali ndi beseni limodzi loyera, lothothoka m'mphepete, losambira m'manja. Chitsime chinali kutali, ndipo madzi obwera pamutu satayidwa chisawawa. Nthawi ya chakudya beseni linkayamba kwa amuna. Amuna anga sankabwera okha. Ankakoka anzawo a geni awiri kapena atatu, ndipo mlendo ndiye amayamba kusamba. Manja amenewo anali atagwira usipa, tcheni cha njinga ndi zina zimene sindikufuna kudziwa. Akatha alendo ankasamba eni nyumba, kenako beseni linkazungulira kuseri kwa ife akazi: amayi, ine, ndiye ana. Likamafika kwa mwana womaliza, madzi aja mukanangowathira mchere akanakhala msuzi. Palibe amene ankaonapo cholakwika. Kutaya madzi amene wasambamo wamkulu kunali ngati kumuuza pamaso kuti ndi wauve.

Achemwali sanapisemo dzanja ngakhale tsiku limodzi. Beseni likafika kwa iwo ankawomba m'manja, kuthokoza bwinobwino, n'kulipititsa. Kenako ankapita kuseri kwa khitchini, kutikita manja ndi phulusa, n'kudzithira madzi ndi chikho, madziwo akugwera pansi. Akumwa anali nawo awoawo m'chitini chakale cha mafuta, ndipo ankawawiritsa kaye ndi nkhuni zimene atola okha.

"Kodi nkhondo imeneyi ikuthamangitsa ndi azungu omwe?" anafunsa amayi tsiku lina, akuyang'ana kumwamba ngati akufunsa denga.

Tonse tinaseka, achemwali omwe. Inenso ndinkawaseka.

"Achemwali, madzi athuwa ali ndi minga?"

"Ngwamba, mayi," anakana m'Chiyao. "Ndangozolowera basi."

Ndipo nkhani inkathera pomwepo. Sindinafunsepo kuti anazolowera kuti, kapena chifukwa chiyani.

Chilimwe cha chaka chachitatu amuna anga anadwaladi. Kugeya kuja kunasiya kutiseketsa. Ankadya mbamu ziwiri n'kukankha mbale. Anawonda mpaka buluku ankamangira ndi mphira wa panjinga. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala cha mishoni, iwo anati usipa sudikira munthu. Ankagula mapiritsi a mutu kugolosale n'kumameza awiriawiri m'mimba mulibe kanthu, pamwamba pake n'kuyatsa ndudu. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Amayi anati ndiwasiye, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma akamwini awo ankamva m'mimba n'kumangokhala pachitseko chotseka.

Tsiku lina amayi anandiitanira kudimba, ati tikathyole mpiru. Titafika sanathyole ngakhale tsamba limodzi.

"Iwe, maso uli nawo?"

"Ndili nawo awiri, amayi."

"Pakhomo pano tonse mimba zikutiwawa. Ine, iwe, amuna ako ndiye awo akutha. Ndani amene sunamumvepo akudandaula?"

Amayi anapitiriza.

"Ndiwo akuphika ndani? Nanga ndani amene sakhudza madzi amene tikukhudza ife? Munthu akamakana kumwa pachitsime, umufunse chimene waponyamo."

Mtima wanga ndi wapachala kuyambira ndili mwana. Ndinakalipa mpaka azimayi a m'madimba ena anaimika makasu. Ndinati achemwali akanafuna kutipha akanayamba ndi amene amawanena tsiku ndi tsiku. Ndinati mafuta awo timawadya bwino koma dzina lawo tikulipaka matope. Amayi anandisiya ndithe, kenako anayankha mosakweza mawu, ndipo amayi akatsitsa mawu ndiye kuti nkhani yatha.

"Mudzi uno ndi wanga. Mwezi ukaoneka watsopano akamwini asanapeze bwino, mlendo wakoyo akwere lole."

Mwezi sunafike n'komwe. Patapita masiku anayi, m'mamawa, amuna anga anasanza zakuda ngati masese a tiyi, ndipo atafuna kuima miyendo inakana. Tsiku limenelo sanatchule za usipa. Ndinamasula dengu panjinga, n'kuyala chitenje pakaliyala, achemwali n'kundithandiza kuwakweza. Ndinakankha njingayo mpaka ku Malindi, iwo atakumbatira chishalo, ntchentche zikutitsatira chifukwa cha fungo la nsomba. Panjira anthu ankafunsa kuti usipa wa lero ndikugulitsa bwanji. Ndinkawayankha kuti watsala umodzi wokha, ndipo ndi woonda.

Anawagoneka kuchipatala masiku asanu. Tsiku lachitatu, atayamba kupeza mphamvu, anabwera adokotala ena achikulire, magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anakoka mpando n'kukhala, ngati munthu amene alibe kopita.

"Bambo, mumasuta?"

"Pang'ono."

"Pang'ono pake ndi kuyambira tambala woyamba," ndinatero ine.

"Mapiritsi a mutu?"

"Mwa apo ndi apo."

"Apo ndi apo pake ndi m'mawa, masana ndi madzulo."

Adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti kuyambira pamenepo azifunsa ine. Anafunsa kumene timatunga madzi, ngati chitsimecho n'chotchinga, ndiponso kuti chimbudzi chili chapatali bwanji. Anafunsa mmene timasambira m'manja, ndipo nditalongosola ulendo wa beseni lathu anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Kenako anatembenukira kwa wodwala n'kufunsa za ubwana wawo. Apa amuna anga analankhula monyadira. Ku Chembe anali ana asanu ndi anayi m'nyumba imodzi, kugona mphasa imodzi, kumwera chikho chimodzi. Madzi ankatunga m'nyanja, pomwepo pamene ena akuchapa ndi kusamba. Amayi awo ankawatafunira chinangwa asanamere mano. "Ndipo tinakula amphamvu!" anatero munthu amene anabwera pakaliyala.

Adokotala anati amuna anga ali ndi zilonda za m'mimba, ndipo chimodzi chinatuluka magazi. Anati kale ankaphunzitsidwa kuti zilondazi zimabwera ndi tsabola ndi maganizo, koma tsopano kwayamba kumveka kuti kawirikawiri pamakhala kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'mimba. Kamalowera pakamwa, kudzera m'madzi osatetezeka, m'manja osasamba bwino, ndiponso m'malovu a anthu okhala mothithikana. Ambiri amakatenga ali ana n'kukhala nako zaka, ena osadwala n'komwe. Koma munthu akamakathirira fodya ndi mapiritsi aja, chilonda chimakula.

Ndinafunsa funso limene linkandivutitsa.

"Nanga munthu sangathire mankhwala m'ndiwo, mnzake n'kudwala chonchi?"

"Mayi, matenda awa ndi akale kuposa banja lanu. Mukumuganizira ndani?"

Ndinawauza za achemwali, chikho chawo, phulusa ndi madzi owiritsa. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kuti iyeyo alibe kachilomboka, sindingalumbire," anatero. "Koma pakhomo panupo ndi yekhayo amene akuchita zimene ine ndakhala ndikulalikira anthu osandimva. Akanakhala pafupi ndikanamupatsa mpando uno."

Ndinatuluka m'chipatala muja ndili ndi mawu odzaza m'kamwa. Njira yonse yobwerera ndinkakonza mmene ndikawauzire amayi, poyambira ndi pomalizira, ndi pamene ndikapumire kuti mawuwo awalowe. Amuna anga ankayenda pang'onopang'ono pambali pa njinga, atanyamula botolo la mankhwala oyera ngati mwana wakhanda.

Titafika ndinaona khitchini yakale ili yotsekula. M'kati munali mosesedwa bwino, mphasa yathu itapindidwa n'kuimikidwa pakona. Chitini, chikho ndi kamtolo kawo munalibe.

Amayi anali pakhonde, akusankha mtedza. Sanadikire kuti ndifunse. Anati tsiku limene tinapita anamuuza mlendoyo maso ndi maso zimene akumuganizira, ndipo m'mawa mwake anapeza atapita. Ndinawakhuthulira zonse za adokotala, koma osati mwadongosolo lija ndinakonza panjira. Zinatuluka zosakanikirana ndi misozi ndi mawu ena amene mwana sayenera kuuza mayi ake. Amayi anasiya kusankha mtedza.

"Ndiye akanati anene," anatero pomaliza. Mawu awo anali aang'ono. "Lole sanakwere. Ndamva kuti ali ku Chowe, kwa anthu akwawo."

M'mawa mwake ndinakwera phiri. Ndinafunsa makomo angapo ndisanawapeze, kumapeto kwa mudzi, kumene mabanja ena ochokera ku Mozambiki anamanga timisasa taudzu. Anali atakhala pansi akupeta mphale. Atandiona anaimirira, n'kundiyalira thumba, n'kufunsa za odwala. Ndinawauza zonse, mpaka za mpando wa adokotala. Anaseka pang'ono.

"Koma achemwali, inu munkadziwa. Bwanji osatiuza?"

"Ndikanayamba bwanji, mayi? Munthu wandipatsa pogona, ine n'kumuuza kuti madzi amene asambamo amayi ake ndi akuda? Mlendo aphunzitse eni nyumba kusamba m'manja?"

Kenako anandiuza zimene sindinafunse zaka zonse zija. Atangowoloka malire anakhala miyezi ingapo pamsasa wina wodzaza anthu, chitsime chimodzi, zimbudzi zosefukira. Kunabuka matenda otsekula m'mimba. Anafika pamsasapo ndi mwana wamkazi wazaka zitatu, ndipo anachokapo okha. Za phulusa ndi kuwiritsa madzi anaziphunzira kwa anthu a zaumoyo amene anafika maliro atachitika kale. Za zilonda za m'mimba sankadziwa kanthu. Ankangoti akaona madzi amene apisamo manja ambiri, thupi lonse linkakana.

Ndinalira. Iwo sanalire, anangopitiriza kupeta. Nditapukuta m'maso ndinati atenge katundu wawo tizipita, amayi achita manyazi, khitchini ikuwadikira, ndipo beseni lija ndikalisandutsa modyera abakha.

"Anganga, amayi anuwo, sindinawakwiyire," anatero. "Anaopa, ndipo anandiuza pamaso. Munthu wotero umadziwa pamene waima." Anagwedeza lichero kawiri. "Galu uja ali bwanji?"

Apa ndiyenera kunena chimene ndachilambalala m'nkhani yonseyi. Kudimba kuja ndinakalipadi, ndipo ndinkakhulupirira mawu anga onse. Koma pobwerera, funso la amayi lija linandilowa ngati munga wa kuphazi. Masiku anayi otsatira, achemwali akapakula ndiwo za amuna anga, ine ndinkanyamula mbale ngati ndikupita nayo pakhonde, n'kukhotera kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndinkakhuthulira galu wathu, n'kuikamo usipa wowotcha ndekha. Pambuyo pake ndinkakhala ndikumuyang'anitsitsa galuyo kuti ndione ngati agwe. Ndikatero ndinkabwerera kudzakhala pafupi ndi achemwali n'kumaseka nawo. Ndinkaganiza kuti palibe akundiona.

"Ali moyo," ndinayankha, maso ali pansi.

"Wanenepa?"

"Wanenepa."

"Eya. Nandolo zothira mafuta, masiku anayi. Amene uja ndiye anadalitsika pankhani imeneyi." Anandiyang'ana akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunandiwawa kuposa mbama. "Ndiye mwadziwira kwa ndani kuti sindine mfiti, mayi? Kwa adokotala kapena kwa galu?"

Ine amene pakamwa panga pankaopedwa kuyambira ku Malindi mpaka ku Chowe ndinayesa kupepesa, mawu n'kutuluka opindika. Anandigwira dzanja n'kuti basi, zatha, ndisalirenso pakhomo pa eni ake.

Sanandilole kubwerera ndi njala. Anaphika, n'kundiikira mbale patsogolo, iwo n'kukhala pambali osadya, ati adya kale. Zinali nandolo. Ndinadya zonse, mpaka kupukuta mbale, iwo akundiyang'ana mwakachetechete.

Pochoka anandiperekeza mpaka pamtsinje wa kumunsi kwa mudzi. Ndinafunsanso kachiwiri ngati sangabwerere. Anati ndikawauze odwala asiye fodya, ndikawapatse moni anganga ndi ana. Ndinafunsa kachitatu.

"Kumene ndiliku denga likudontha," anatero. "Koma ndikapakula, ndimadziwa kumene mbale ikupita."

Anatembenuka n'kuyamba kukwera. Ndinaima pamwala ndikudikira kuti mwina acheuka, mpaka analowa m'chimanga chouma cha munda woyamba.